Kumene Ankapita Madzi a Dziwe

Kuthirira nazale ya fodya m'mamawa, kusambitsa mwana wake Lonjezo, kukamusiya kwa apongozi, kusesa khonde la loji, kuchapa nsalu za pabedi, kuvuula masamba m'dziwe losambiramo alendo. Tsiku la Dorika linkayenda choncho. Sabata imeneyi panawonjezeka ntchito ina: kuima pambali pa dziwe ngati wakuba, anthu akuyeza madzi.

Lojiyo inali nyumba ya esiteti yakale ku Lisasadzi. Dziwe lake linkatha madzi. Mwezi wa Okutobala wonse pampu inkangolira kubwezeretsa, koma kukacha mzere wonyowa pamatailosi unkapezeka watsikanso.

Amanijala, a Kizito, anali nalo kale yankho. Kuseri kwa mpanda, chakumunsi, kunali nyumba ya Dorika. Madambo anali atauma, anthu akulirira nazale zawo. Ya Dorika yokha inali yobiriwira ngati kwagwa mvula.

"Mayi a Lonjezo, fodya wanuyu amamwa chiyani? Thobwa?"

"Tili ndi chitsime, abwana. Anakumba abambo akunyumba."

"Dera lonse lauma. Chitsime cha madzi n'chanu chokha, eti?"

Chitsimecho chinalipodi. Mwamuna wake, Chikhumbo, anachikumba yekha pafupi ndi chulu, anzake akumuseka kuti pamtunda, kutali ndi dambo, sipatuluka madzi. Anatuluka, oyera mbee. Kenako iye anapita kuganyu ku Kaluluma, mabedi a fodya n'kusiyira mkazi. Fodya ameneyo ndiye anali malata a nyumba, ndiye analinso feteleza wa chimanga. M'dziwe la alendo Dorika anali asanatungemo ngakhale kapu. Koma a Kizito anali atanena kale: likapanda kupezeka bowo lothawira madziwo, mwezi ukatha Dorika asabwerenso.

Kunabwera pulambala wa ku Boma, a Lucious, munthu wosalankhulalankhula. Anadzaza ndowa, n'kuikhazika pasitepe ya dziwe, n'kumata tepi pamene madzi analekezera, m'ndowa ndi pakhoma. Mawa lake a m'ndowa anali atatsika pang'ono chabe. A m'dziwe anatsika chikhatho chathunthu.

"Si dzuwa limeneli," anatero a Lucious.

"Ndikudziwa," anayankha a Kizito, maso ali pa Dorika. "Dzuwa silinyamula kheni yothirira nazale."

A Lucious anazimitsa pampu tsiku lonse, madzi n'kutsika mwaulesi. Ataiyatsa, madziwo anayamba kutsika mothamanga. Kwa iwo zimenezi zinaloza paipi yobweza madzi m'dziwe, imene inadutsa pansi pa njerwa zoyala. Kwa a Kizito zinaloza kwina: pampu imalira masana, nthawi imene Dorika amakhala yekha padziwe.

Dorika anasiya kudya bwino. Kuchigayo azimayi anayamba kudula nkhani iye akafika. Apongozi anamufunsa mozungulira ngati kuntchito kuli mtendere.

Tsiku lotsatira a Lucious anatseka kukamwa kwa mapaipi, n'kuthira utoto wobiriwira kwambiri m'paipi ankaikayikirayo, n'kupopa. Singano ya geji yoyezera mphamvu ya madzi inakwera, kenako inagwa pang'onopang'ono. Anazungulira bwalo lonse kufuna pamene utotowo watumphukira. Sunaoneke paliponse. Ndiye anayenda ndi kachitsulo, nsonga panjerwa, mbali ina kukhutu, akumvetsera, mpaka anaima pafupi ndi mtengo wa bulugama.

"Yang'aluka apa. Koma kuti tione, tiphwanye njerwa."

A Kizito anakana. Loweruka kunali ukwati, ndipo akwati amajambulitsa padziwe. "Ndiphwanye bwalo chifukwa cha kasingano? Mukapeza pouma, amanganso ndani?"

Dorika anasiya tsache. Anapita kumbuyo kwa khitchini, n'kubwera ndi piki, chitenje atachimanga mwamphamvu m'chiuno.

"Ndikumba ndine, abwana. Pakapezeka pouma, ndichoka ndekha, simuvutika n'kundichotsa. Koma dzina la wakuba sindipita nalo kumudzi."

Sanadikire yankho. Anazula njerwa imodziimodzi, n'kumaziunjika bwino pambali. Pansi pake dothi linali louma gwa, lofiira, piki n'kumadumpha. Dzuwa linafika paliwombo. M'manja munatuluka matuza, n'kuphulika. A Kizito anakokera mpando pamthunzi, foni m'manja. Dzenje litafika m'mawondo, linali loumabe. Dorika sanayang'ane munthu.

Litafika m'chiuno, piki inalowa mofewa. Inatuluka ndi matope obiriwira.

Muzu wa bulugama unali utakankha paipi mpaka kuing'amba polumikizira. Madzi ankatsetsereka m'mbali mwa muzuwo, n'kulowa mu una wa chiswe, n'kusowa. N'chifukwa chake pamwamba panali pouma.

A Kizito anasuzumira nthawi yaitali. Anatsokomola. "Njerwazo mubwezeretse bwinobwino, mayi a Lonjezo. Mawa mubwere nthawi yake yomwe ija."

Kupepesa kwawo kunathera pomwepo, ndipo Dorika sanafune kwina. A Lucious anadula pong'alukapo, n'kulumikiza paipi yatsopano ndi guluu, n'kupopanso. Singano inakwera, n'kuima nji.

"Apa sipatulukanso ngakhale dontho," anatero, akupukuta m'manja.

Dorika anatuluka pageti mutu uli m'mwamba. Anadzera dala kuchigayo, matope ali m'miyendo, kuti aliyense aone. Anakatenga mwana, n'kumubereka, n'kupita kuchitsime kuti athirire nazale dzuwa lisanalowe. Kumwamba kunalibe mtambo. Anaponya ndowa akuimba chamumtima, n'kukoka chingwe ndi manja a zilondawo.

Ndowa inatuluka ndi madzi obiriwira, utoto wa a Lucious weniweni. Una wa chiswe uja unkathera m'chitsime cha pachulu.

Ntchito yonseyo inadya paipi yotalika mkono umodzi, kachitini ka guluu, khungu la m'manja mwa Dorika, chitsime cha Chikhumbo, ndi fodya yense wa chaka chimenecho.