Sitata ya Adokotala

Kha! Kenako zii.

Makaniko anapotokolanso kiyi. Ulendo uno injini inalira bwinobwino ngati sinalakwepo kanthu. Anaizimitsa n'kuyesanso. Kha! Zii.

Galimotoyo inali yachingerezi, yakalekale, yobiriwira, ya mipando iwiri, yopanda denga. Mwini wake, dokotala wa mano wopuma pantchito, anaima pambali atagwira chipewa m'manja. Loweruka ankafuna kunyamuliramo mwana wake wamkazi popita ku ukwati, ndipo mantha ake anali akuti mkwatibwi angatsike n'kuyamba kukankha.

"Imatere tsiku lililonse?" anafunsa makaniko.

"Ayi, ikafuna. Makamaka pakakhala anthu."

Makaniko anayamba ndi batire. Moto unali wodzaza. Anapala mitu yake, anamangitsa mawaya, anayeza moto wofika ku sitata. Zonse zinali bwino. Atagogoda sitatayo ndi hamala, injini inadzuka.

"Matenda ali m'kati," anatero.

Anakwawira kunsi kwa galimoto, oyilo wakuda akumudonthera m'khutu, n'kumasula sitatayo. Ataitsegula pa benchi, anabwerera m'mbuyo ngati wavundukula khoswe wakufa.

Mabulashi awiri, timakala todutsitsa moto m'sitatamo, anali ochita kusema kuchokera ku batire ya tochi. Sipuling'i imodzi inali ya m'bolopeni. Pamene moto umadutsira wina anapanikizapo chitsekerero cha botolo, ndipo waya anam'kulunga ndi pulasitala wa pabala, amene anali atasungunuka n'kusanduka phala lonunkha.

Makaniko analavula pansi.

"Adokotala, bwerani muone. Inu munthu akabwera ndi dzino lobowoka, mumatsekapo ndi chingamu?"

Dokotala anasuzumira.

Makaniko anapitiriza: "Amene anachita izi si makaniko, ndi mfiti. Manja ake ndi oyenera kukolopa m'chimbudzi basi. Anthu ngati amenewa ndi amene atinyozetsa tonse. Akagula sipanala imodzi, mawa alemba kale chikwangwani."

Ankatola zinthuzo ndi pulayala, kukana kuzigwira ndi zala, n'kumaziyala pa nyuzipepala chimodzichimodzi. Anaitana wowotcherera zitsulo wa khomo loyandikana kuti adzaone. Anajambulanso ndi foni, kuti atumizire amakaniko anzake onse, aliyense adziwe kuti kunja kuno kuli chinyama.

"Zaka makumi atatu ndili pantchito ino, nyansi zotere sindinazionepo. Munditchulire dzina lake. Ndipita ndekha kukam'landa zitsulo."

Dokotala anatembenuza chipewa chake kawiri, nayang'ana wowotcherera uja, kenako pansi.

"Musam'bise, adokotala. Akanakuchititsani manyazi pamaso pa apongozi."

"Galimotoyi simunaionepo, n'zoona," anatero dokotala motsitsa mawu. "Koma chaka chatha mlamu wanga anabwera pano ndi sitata yokhayi m'thumba, Lachisanu, mukuthamangira kutseka. Munamuuza kuti mwaikamo zatsopano zokhazokha."