Nzama za Mayi Mphepo

Thirakitala inali italira kale m'mphepete mwa munda pamene Mayi Mphepo anaima kutsogolo kwake, kalata yowachotsa ntchito ili m'manja. Koleji imene iwo ankaphunzitsako inali itatseka maphunziro a za mbewu poti ndalama zachepa, ndipo munda wawo woyeserera unayenera kugaulidwa tsiku lomwelo kuti mudzabzalidwe fodya. M'nthakamo munali nzama zopirira chilala zimene iwo anakhala akusankha kwa zaka zisanu ndi zinayi.

"Amayi, ine ndangotumidwa," anatero Moffat, woyendetsa thirakitala. "Akuti pofika masana ndikhale nditamaliza."

"Ndipatseni ola limodzi, achimwene."

"Nokha, ndi khasu limodzi? Mukumba mizere ingati?"

Mayi Mphepo analoza njira ya ku Kaomba. Kunkabwera amayi amene iwo ankawaphunzitsa Loweruka lililonse pansi pa mtengo wa mango, makasu pamapewa, malichero pamutu.

"Aphunzitsi, tamva!" anafuula Fainess, mtsogoleri wawo. "Tiyambire pati?"

"Mzere uliwonse m'lichero lakelake! Zofiira musasakanize ndi zamawanga!"

Moffat anazimitsa injini, natsika. "Pali khasu lotsala?"

"Mutuluka matuzatu m'manja, abwana a pa thirakitala!" anaseka Fainess, namupatsa lake.

Mayi Mphepo anang'amba kalata ija tizidutswa, nalemba kuseri kwake dzina la mtundu uliwonse, naponya m'malichero.

Masana thirakitala inagaula nthaka yokhayokha. Nzama zinali pamitu ya amayi makumi atatu, zikulowera m'midzi isanu ndi iwiri, nthungululu zikumveka mpaka ku maofesi a koleji.