Wodina Batani

Bwana anandikokera pakhonde, kapu ya madzi otentha ili m'manja. Mawu awo anali atasasiratu ndi chimfine.

"Mayi, lero muyankhula ndinu," ananong'ona.

Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuwalembera malipoti, kenako n'kukakhala pakona pafupi ndi soketi, chala pa laputopu, kudikira anene kuti "chotsatira" ine ndidine batani losinthira tsamba loonekera pakhoma. Dzina langa silinatchulidwepo ngakhale kamodzi.

M'chipinda cha msonkhano munali akuluakulu asanu amene anabwera kudzagamula ngati nthambi yathu itsekedwe. Mmodzi anali atayamba kale kuyasamula.

Ndinalibe mphamvu ngakhale zochitira mantha. Msana unkawawa, nsapato yakumanzere inkandiluma, ndipo tsamba lachisanu ndi chiwiri la lipoti lalero ndinali nditalikonza kanayi chifukwa mtundu wake sunkawasangalatsa bwana.

"Musaope," anatero bwana. "Muziwayang'ana m'maso, ndipo musamathamange poyankhula."

"Bwana, malangizo amenewo ndinakulemberani ndine."

Anangotsokomola.

Titalowa, miyendo inanditengera yokha kumpando wanga wapakona. Ndinapeza bwana atakhalapo kale, mawondo atagunda tebulo, akufunafuna batani. Ndinawalozera, n'kupita kutsogolo.

Ndinapereka moni. Tsamba loyamba ndinalifotokoza osayang'ana pakhoma, pakuti mawu onsewo anachokera m'mutu mwanga momwemu. Woyasamula uja anatseka pakamwa n'kutola cholembera.

Ndinapuma pang'ono, n'kudikira. Chithunzi sichinasinthe. Sindinacheuke n'komwe.

"Chotsatira, bwana."