Mfumu ya M'chipinda Chapansi

Loweruka masana chipale chofewa chinali chitatseka pakhomo mpaka m'mawondo, koma Douglas analibe nazo ntchito. Anali m'chipinda chapansi cha nyumba yawo ku Etobicoke mumzinda wa Toronto, maso ali tong'o pakompyuta, akupulumutsa ufumu.

Ufumuwo unali wa m'gemu imene anaipanga yekha. Osewera anali Amalawi a ku Toronto ndi madera ozungulira, aliyense ndi banja lake lachifumu la makedzana: malinga a miyala, akavalo, asilikali ovala zitsulo ndi alimi oti azikhomedwa msonkho. Anamwino, madalaivala a mabasi ndi onyamula katundu kubwalo la ndege la Pearson ankati akaweruka, basi n'kuyamba kulandana minda ndi kukwatitsana ana. Douglas ndiye ankayendetsa zonse, ndipo mwamwayi wodabwitsa ndiyenso anali mfumu yaikulu chiyambire.

Anthu atayamba kung'ung'udza, iye anaika lamulo lowatseka pakamwa: yemwe apezeke pampando nyengo ino ikamatha, atenge ndi makiyi omwe oyendetsera gemu. Analiika akuseka. Nyengoyo inali kutha madzulo a tsiku lomwelo, ndipo kuseka kunali kutamuthera.

Chomusowetsa mtendere chinali Banja la Chitedze. Linalowa mwakachetechete, likungolima ndi kudzaza nkhokwe pamene ena ankathyolana makosi. Kenako linayamba kumeza mabanja anzake limodzilimodzi. Tsopano asilikali ake anali atazinga linga la Douglas mbali zonse.

Douglas sanafunikire woombeza kuti adziwe mwini wake. Anali Tony. Chitedze chinkasewera masana anthu ali kuntchito, ndipo Tony ankagwira mashifiti osinthasintha kunyumba yosungiramo katundu ku Mississauga. Tony yemweyo sanaiwale zoti Douglas anamugwetsa pachisankho cha bungwe la Amalawi. Kutchalitchi ankamwetulira mopitirira muyeso. Chonyansa kwambiri n'chakuti Chitedze chinkalamulidwa ndi mfumukazi. Mwamuna wandevu zake kubisala m'chitenje!

Pamwamba khanda lawo, Tiyanjane, linalira pang'ono n'kukhala chete. Linali kumsana kwa agogo ake, a Nambewe, amene anabwera kuchokera ku Dedza kudzathandiza kulera. Pamwambo wopewa apongozi, Douglas ankaposa ngakhale amuna a kumudzi. Sankayang'anizana nawo, sankadya nawo limodzi, mawu onse ankadzera mwa mkazi wake Anastazia. Kunena zoona mwambowu ankaukonda, pakuti unamupatsa chilolezo chokhala pansipo tsiku lonse, matewera ndi mbale zikumupita pamwamba. Apongoziwo ankangokhala pasofa ndi tabuleti imene Anastazia anawagulira kuti azimvera nyimbo za kwaya.

Chitseko chinatseguka. Anastazia anasuzumira atavala kale yunifolomu ya kuchipatala.

"Bambo a Tiya, ine ndili ndi shifiti. Galimoto ituluka bwanji m'sinowomu? Amayi akuti fosholo ija ili kuseri kwa chitseko."

"Uwauze kuti ndamva. Ndingofinisha kaye izi, ndikubwera."

"Mwakhala mukubwera chiyambire Lachinayi," anatero Anastazia, n'kumenyetsa chitseko.

Douglas sanatembenuke n'komwe. Mantha anali atamugwira ndithu. Gemu imeneyi inali malo okhawo m'Canada monse kumene anthu ankamutchula kuti Chalo. Kupereka makiyi kwa Tony kunali kumuvula pagulu.

Nkhondo sakanapambana, koma nzeru anali nazo. Mfumukazi ya Chitedze inali ndi mwana wamkazi wosakwatiwa, ndipo m'gemumo mabanja okwatirana saloledwa kumenyana. Ukwati ukatheka, asilikali abwerera kwawo, madzulo n'kumupeza akadali pampando. Analemba mawu ofunsira mbeta otsekemera ngati nzimbe, akudzitcha mnyamata wolimbikira ntchito, wodzuka m'mamawa, womvera akuluakulu. Anatumiza akuseka chamumtima. Tony adzanyengeka ndi ulemu wokhala mpongozi wa mfumu.

Yankho silinachedwe. Chitedze chinavomera.

Douglas anaimirira n'kuvina pang'ono pakati pa makina ochapira ndi makatoni. Asilikali a Chitedze anatsitsadi mikondo. Koma atayang'ananso anaona kamfumu kake kakutuluka m'linga, mphasa ili paphewa, kakukwera kavalo. Chisoti chachifumu chinachoka pamutu pake n'kukatera pa mfumukazi ija.

Apo m'pamene anakumbukira. Chaka chatha Achewa ena anadandaula kuti gemuyo yachuluka chizungu, ndiye iye anawonjezera kabatani koti banja lizisankha lokha, chitengwa kapena chikamwini. Anadzitama nako kwambiri pachikondwerero cha ufulu ku North York, kenako n'kukaiwala. Chitedze chinasankha chikamwini kalekale. Mwamuna amapita kwa mkazi, ana ndi a kuchikazi, ndipo mkamwini alibe mpando.

Nthawi yomweyo anaimbira Tony foni.

"Tony, wachita zachinyengo iwe! Ndikubuloka lero lomwe!"

"Aa, achimwene, mukunena ine?" anayankha Tony ndi mawu atulo. "Banja langa si munaliwotcha nokha mu Novembala? Ine gemu yanuyo ndinadilita kalekale, zinandikwana."

Foni ikadali kukhutu, kompyuta inalira. M'gemumo mkamwini watsopano amapatsidwa ntchito yoyamba ndi eni mudzi, ndipo uthenga wa mfumukazi unali utafika.

"Mwana wanga ndakupatsani kachiwiri tsopano, bambo wolimbikira ntchito. Pamaso sitingayankhulane, koma muno mwambo sukaniza. Makiyi mupatsire Anastazia andibweretsere, ndipo muyende pang'onopang'ono pamasitepe, mdzukulu wanga wangogona kumene. Fosholo ili kuseri kwa chitseko."