Kiyi wa Kabati ya Mabuku

Ahedi ankati akangomva mawu oti buku, dzanja linkathamangira pa kiyi wa kabati amene ankavala m'khosi. Tsiku lina mphunzitsi wa kalasi ya ana aang'ono anawapanikiza mu ofesi.

"Ana akuphunzira za tizilombo, buku lake lili umu koma sanalionepo," anatero mayiyo. "Mukusungira ndani?"

"Madamu, ana anu aja m'manja mwawo ndi litsiro lokhalokha. Mabuku azithunzi ngati awa sabwera kawiri."

"Tsegulani."

Atatsegula, dothi linakhuthukira pa nsapato zawo. Chiswe chinali chitadya buku la zipatso, la mitsinje ndi la mbiri yakale. La tizilombo chinaliboola pakati penipeni.

"Chiswechi ndiye chinasamba m'manja eti?" anafunsa mayiyo.

Ahedi ananyamula limodzi ndi zala ziwiri. "Awa atha ntchito. Katayeni kudzala, alendo asawaone."

Mayiyo anakutumula buku lililonse, n'kuwalonga onse m'chikwama chake mpaka zipi kukana kutseka. Anachikoleka paphewa n'kulunjika kukalasi.

"Madamu, kudzala si kumeneko."

"Ndikudziwa, ahedi."