Mavoisi a Mayi pa Fulashi

Ndinachapa, ndinaperekeza Tiffany kokwerera basi ya sukulu, ndinatereka nyemba. Ntchito yotsala inali kupulumutsa zimene zinali mu laputopu, yomwe inali itayamba kumangozima yokha.

Fulashi yomwe ndinagula kunja konkuno ku Greenbelt inachepa. Munkangokwana chimodzi: vidiyo ya ukwati wathu, kapena mavoisi amene malemu mayi anga ankanditumizira pa foni ali ku Ntcheu.

"Muikemo ya ukwati, mayi a Tiffany," anatero amuna anga akumanga nsapato. "Ndinatchena tsiku limene lija."

"Mudzatchenanso Lamlungu. Mayi sadzayankhulanso."

Ndinakopera mavoisiwo. Atangotha kulowa, laputopu inazima osayakanso.

Zonse zinandidyera madola khumi ndi awiri a fulashi, vidiyo ya ukwati, ndi masiku awiri bambo a Tiffany osandiyankhula.