Misewu ya M'mutu mwa Apongozi

Makina a kuchipatala aja anameza apongozi kuyambira kumutu, kunja n'kutsala mapazi okha. Wailesi ankaonera pagalasi, atakumbatira chikwama chake ngati mwana wodwala.

Dzina loti Wailesi si la makolo ayi. Anamupatsa ndi anzake, chifukwa mayiyu nkhani ikalowa kukhutu siigonamo, imatulukira kukamwa ikadali yotentha. Nanga mumuimbe mlandu? Enafe tinabadwa choncho.

Ndiye chidwalireni sitiroko chaka chatha, apongozi ake aamuna anasiya kulankhula. Ankangokhala pampando duu, maso ali kukhoma. Kale Wailesi ankawapatsa moni atagwada patali, nkhope ili pansi. Koma tsopano wowadyetsa anali iyeyo, ndipo sungadyetse munthu iwe pakamwa pako pali chete. Anayamba ndi zing'onozing'ono: zoti mlamu wake amadzola mafuta oyeretsa khungu, zoti mwamuna wake amaliza mkonono ngati galimoto yokana kunyamuka. Kenako anafika pa nkhani yeniyeni, ya wometa wa pakona uja, chibwenzi chake chakale, ndi chifukwa chimene mwana wake amakametedwera sabata iliyonse mpaka mutu kumawala ngati babu. Apongozi ankangomeza. Bokosi lokhoma lenilenitu.

Tsiku limeneli adokotala anafuna kuona mkati mwa ubongo. Anati m'mutu mwa munthu muli timisewu tambirimbiri tolumikiza mbali ina ndi inzake. Kena kamatenga mawu kukhutu kupita nawo komvetsa, kena kamachoka komvetsa kupita kukamwa, ndipo makinawa amajambula tonse.

"Mukunjenjemeratu, amayi," anatero mwamuna wake, n'kumugwira paphewa. "Mumawakondadi bambo anga."

"Zedi," anayankha Wailesi.

Mumtima ankapemphera kuti apongozi achire miyendo, achire mikono, achire chilichonse, koma msewu wa kukhutuwo ukhale wotseka. Mwamuna wake akamva za wometa, basi, n'kumanga katundu.

Makina ankagunda ngati wina akukhoma malata. Adokotala ankalankhula ndi apongozi pa kachipangizo kawo, kenako n'kumagwedeza mutu, koma anali kuseri kwa galasi ndipo palibe liwu limene linkamveka. Kwa Wailesi chimenecho chinali chilango pachokha, kuona milomo ikuyenda iye osamva kanthu.

Atamaliza anawaitana. Apongozi anali atawabwezera pa mpando wawo wamatayala, maso ali kukhoma monga mwa masiku onse. Pakompyuta panali ubongo wodzaza timizere tofiira, tobiriwira, ta buluu, ngati ulusi wa telala umene mwana wasewera nawo. Kumanzere kunali kachigamba kakuda, timizere titadukira pomwepo.

"Pamene panawonongeka ndi apa," anatero adokotala. "Msewu unaduka."

"Wa kukhutu?" anafunsa Wailesi msangamsanga.

"Ndi wa kukamwa womwe. Imadutsa moyandikana."

"Unadukiratu?"

"Unadukiratu, mayi. Umenewo sudzabwereranso."

Mwamuna wake anagwetsa nkhope. Wailesi anatulutsa mpweya umene anausunga chaka chathunthu, n'kusolola kansalu m'chikwama, n'kupukuta maso ouma. Anafika mpaka powakonzera apongozi kolala ndi kuwasisita dzanja. M'mutu anali atayamba kale kusanja nkhani zoti akawauze kunyumba.

"Koma ubongo ndi wochenjera," anapitiriza adokotala, akuloza kamzere kobiriwira kozungulira chigamba chija. "Unadzilambulira njira yachidule, ndipo ndi yopondedwa bwino, si ya dzulo ayi. Paja bambo, mwati munayambanso liti kulankhula?"

Apongozi anatsokomola pang'ono.

"Ndi kale ndithu, koma nkhani zinali zisanathe," anatero, n'kutembenukira kwa Wailesi. "Mpongozi, dzulo munalekeza pakati. Ndiye wometa uja anati chiyani?"